Bambo Mbewe ndi khoma la mayi Doris

Ndikakumbukira bambo Mbewe, mphuno zanga zimadzaza fungo la polishi wa nsapato ndi la jekete yachikasu yonyowa ndi mvula ya ku Edmonton. Anali neba wathu wa pansi, wobadwira pa famu ku Zimbabwe, makolo ake a ku Dedza. Ankagwira ntchito yothandizira apolisi, kuyendera mafulati athu wapansi, wopanda mfuti kapena unyolo, kawailesi kokha kakulira pa phewa. Masana ankadutsa m'khonde lathu lalitali akugogoda pa makomo a nkhalamba zokhala zokha, n'kumati "Odi!" ngakhale kwa azungu, ndipo sankachoka asanayankhidwe. "Kuno munthu amafa ngati mbewa kuuna," ankatero, "anzake ali pa TV."

Ine ndinkawaopa koopsa. Patchuthi mayi anga, amene ankasamalira okalamba, ankandisiya ndekha m'nyumba tsiku lonse, ndili kamtsikana ka pulaimale. Lamulo linali limodzi: "Usayankhe munthu. A social, a boma oona za ana aja, akadziwa kuti umatsala wekha, akulanda, wamva?" Choncho nsapato zakuda zija zikaima pakhomo pathu, ndinkaona mthunzi wake kunsi kwa chitseko, mpweya nditaugwira, mpaka zitapita.

Mnzanga yekhayo anali khoma. Kuseri kwake kunkakhala mayi Doris, gogo wachizungu wopanda womuyendera. Ketulo yawo ikalira ankagogoda khomalo, ine n'kuyankha ndi supuni.

Sabata ina kunatentha, ndipo khoma linangoti zii. Kenaka m'mawa wina kugogoda kunayambanso, koma osati pa malo ake. Kunkachokera m'munsi, pafupi ndi kapeti, pang'onopang'ono, osalekeza. Ndinayankha ndi supuni, koma sikunasiye. M'khitchini munkalowa kafungo kozuna ngati ka nyama yoiwalidwa m'thumba, ndipo ntchentche zazikulu zinkawomba galasi la zenera.

Masana ndinamva nsapato zija. Zinadutsa khomo la mayi Doris osaima, chifukwa gogoyo anali atauza bambo Mbewe kuti akupita kwa mwana wawo ku Wembley. Zitafika pathu ndinagwada, n'kutukula kachitseko koponyera makalata.

"Bambo, a Doris alimo. Akugogoda."

Anawerama mpaka maso athu anakumana pa kabowoko. "Mayi ako ali kuti?"

Ndinadziwa kuti basi, ndadzigulitsa ndekha.

"Chabwino, mwanangu. Tseka mawindo, ukhale ku bedroom."

Anayankhula pa kawailesi, apolisi anabwera n'kuthyola chitseko. Khomalo linali lopyapyala, ndinkamva zonse. Anapeza mayi Doris atagona pansi motsamira khoma lomwelo, sutikesi ili pakhomo, chikhoti atavala kale. A ambulansi anati anamwalira masiku angapo apitawo. Wapolisi wina atafunsa amene anawatsina khutu, bambo Mbewe anayankha m'Chingerezi kuti anangomva fungo podutsa. Dzina langa silinatuluke pakamwa pawo.

Ena onse anathawira panja chifukwa cha fungo, koma bambo Mbewe anakana. Kwathu maliro sasiyidwa okha. Anakhala pansi pambali pa mzungu amene sanali mbale wawo, akuimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi mpaka galimoto yonyamula mtembo itafika. Ndinagunditsa khutu kukhoma n'kumalira. Kugogoda kuja kunali kutaleka.

Mayi atabwera ku ntchito, anapeza bambo Mbewe akudikira pakhomo, chipewa chili m'manja. Mayi anaganiza kuti basi, abwera kudzandilanda.

"Musaope, mayi a Tadala. Ine sindinaone kanthu. Koma kuyambira mawa, mukakhala pa shift ku ntchito, mwanayu azikakhala kwathu ndi mayi akunyumba. Izi zokha sitikambirana."

Patapita masiku ndinalimba mtima n'kufunsa bambo Mbewe kuti nanga ankagogoda uja anali ndani. Anapukuta nsapato yawo nthawi yaitali.

"Mwina mapaipi," anatero. "Koma wogogoda timamuyankha kaye, dzina timafunsa pambuyo."

Lero ndimakhala ku Lewisham, ndili ndi ana anga, ndipo amandiseka ndikamagogoda kwa aneba okalamba n'kumati "Odi!" Aseke. Sindichoka pakhomo ndisanamve mawu a munthu. Koma bedi langa, mpaka pano, siligunda khoma.