Ming'oma ya akadzidzi

Ine ndinali wokonza ming'oma ya njuchi, ndipo sindibisa, kuyambira ku Thuchila mpaka patsinde pa phiri panalibe wondiposa posenda khungwa. Tinawoloka Ruo pothawa nkhanza za Apwitikizi, ine n'kulowa chikamwini pamudzi wina woyandikana ndi munda wa mzungu.

Mzunguyo anagwetsa mitengo yonse ikuluikulu kuti adzale khofi. Mphako zinatha, akadzidzi n'kusowa poikira mazira, ndipo otsalawo anthu ankawagenda. Pasanathe zaka ziwiri makoswe ankayenda masanasana, kudya mapira m'nkhokwe ngati analima nawo.

Mng'oma wanga wina njuchi zinathawamo. Nditakwera kuti ndiutsitse, ndinapezamo tiana titatu ta kadzidzi tikundilusira. Pansi pa mtengo panali timibulu taubweya timene mbalameyi imalavula. Kuphwanya kamodzi, mafupa a makoswe okhaokha. Basi ndinakonza ming'oma ina inayi ya khomo lalikulu, n'kuipachika pafupi ndi nkhokwe. Akadzidzi analowamo, ndipo ana awo akauluka ndinkakwera kukakokolola zinyalala, kusintha luzi lowola, kufolera udzu pamwamba, ndi kufukiza njuchi zikafuna kulanda nyumba ya eni.

Apongozi anga aakazi zinawaipira. Poti mwambo sunkalola kuti ine ndi iwo tiyang'anane kapena kulankhulana, anatuma mkazi wanga.

"Amayi akuti mukuweta maliro pamudzi pano. Akuti mutsitse, apo ayi mubwerere kwanu."

Zinandipweteka kwambiri. Mkamwini akathamangitsidwa amachoka yekha, ndipo ana anga awiri akanatsala. Koma mafupa aja ndinali nditawaona ndi maso angawa.

"Kawauze kuti wa pankhokwe pawo nditsitsa lero. Ya kwathu kuno ayi. Andipatse mpaka mvula, ngati wina amwalira ndinyamuka ndekha."

"Inu mutu wanu ndi wouma ngati musi," anatero mkazi wanga, koma uthenga anakapereka.

Mvula ikufika pachimake, nkhokwe ya apongozi inali mankhusu ndi zitosi za makoswe. Yathu inali ikadali ndi mapira. Pamudzi sipanachitike maliro, kupatula mbuzi ina yokalamba. Sindinanyoze, ngakhale pakamwa pankayabwa. Ndinangowatumizira dengu lodzaza.

Tsiku lina m'mawa, ndili mumtengo kumanga luzi, ndinamva munthu akutsokomola pansi. Anali apongozi, atandifulatira, akulankhula ndi chitsa.

"Chitsa iwe, mng'oma anautsitsa uja unawola?"

Nanenso ndinayankha chitsa chomwecho. "Chitsa iwe, uwauze kuti uli kuseri kwa nyumba, ndimaufunditsa udzu."

"Uwauze akaubwezere pamalo pake." Anayenda pang'ono, n'kuimanso. "Uwauzenso kuti asamakwere mitengo yonyowa. Akagwa, adzukulu angawa alera ndani?"