Nkhuku yopanda zipalapasiro

Ee, bowa wouma ndamuviika leroyu, fungo lake landitengera kwathu ku Nthalire!

Chideru chinali chitasesa khola lonse la nkhuku pamene asibweni, alongo awo a mama, anatulukira pa njinga. Mlendo wotere amapheredwa nkhuku. Mama anakazinga bowa ndi anyezi, tomato ndi kamchere, msuzi wake kununkhira ngati tambala weniweni! Ine ndinadikira gawo langa, zipalapasiro, koma sizinabwere. Ndinalowa m'nyumba momwe ankadyera ndikulira.

"Mama, zipalapasiro zanga zili kuti?"

Mama anazyolika. Asibweni ananyambita zala nati, "Phepa muphwa wane, ndazikukuta ndine. Zinakomatu!"

Ndinawakwiyira mwezi wathunthu, ine! Lero ndikuseka ndekha. Ankadziwa kuti ndi bowa, koma anasenza mlandu kuti mlongo wawo asachite manyazi.