Chivindikiro cha botolo la refresiko

Chinayamba ndi fungo. Ndinali panja ndikutsuka mbale, mphepo inachokera m'nyumba, ndipo ndinamva fungo la kumunda, lija la mankhwala ophera mbozi m'chimanga. Komatu tsikulo palibe anapopera. Abambo a ana anali atapita pa njinga ku Mualadzi. Mankhwalawo anawagula ku Cassacatiza, wogulitsa anawathirira m'botolo la refresiko, chakumwa chotsekemera chija, monga amachitira aliyense, ndipo botololo linkakhala kuseri kwa thumba la chimanga.

M'nyumba munali zii. Mwana wa zaka zitatu akakhala chete chotero, mtima umadziwiratu.

Ndinathamanga, manja ali ndi thovu. Ndinampeza mwana wanga wamkazi atakhala pamphasa, miyendo atatambasula, mlongo wake wakhanda atamgoneka pamiyendopo, mutu atautsamiritsa pamkono. Botolo lili pambali, lotsegula. Chivindikiro chili m'dzanja, chodzaza.

Ndinamlanda. Sindikudziwa ngati ndinakuwa. Ndinanunkhiza khandalo pakamwa, ndinalitsegula kamwa ndi chala, ndinanunkhizanso. Mkaka wokha.

"Wamwetsa? Iwe, ndiyang'ane, wamwetsa?"

"Ayi amama," anatero, osaopa n'komwe. "Sanadye phala. Mankhwala samwa ndi njala."

Ndinakhala pamphasa pambali pake. Mawu amenewo ndi anga. Ndinawamva kwa anamwino ku Chifunde pamene khandalo linkatsokomola, atandipatsa sharope, mankhwala akumwa a chifuwa, ndipo ndinkawanena ndekhandekha m'mawa uliwonse, osadziwa kuti pali khutu likutola. Kakhalidwe kaja ka pamphasa n'kanga. Kutsamiritsa mutu n'kwanga. Ndipo atandionetsa mmene anathirira, anakweza chivindikiro kuloza kuwala kwa pakhomo, diso limodzi atatsinzina, ngati ine ndendende!

Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale. Ndinkati kuphunzira kwa mwanayu kudzayamba akadzafika kwa aphunzitsi, atavala yunifomu. Kani anayamba kalekale, ali kumbuyo kwangaku, ndipo zimene anatola kwa ine ndi zomwe zinatsala pang'ono kupha mlongo wake, ndi zomwenso zinamuimitsa dzanja.

Sindinam'menye. Ndinamsambitsa m'manja ndi sopo, ine ndikusambanso pambali pake. Kenako ndinabereka khanda, ndinanyamula botolo lija, wamkuluyo ndinamgwira dzanja mpaka pankhokwe. Ndinafuna aone. Ndinatseka botolo, ndinalikulunga m'pulasitiki, ndinagwira mphuno, nkhope ndikuikwinya.

"Ichi n'cha mbozi. Munthu samwa, mwana sagwira."

Iye anagwira mphuno yake. "N'cha mbozi."

Ndinakwera pamtondo n'kulimangirira ndi luzi kudenga la nkhokwe, kumene ngakhale ine sindifikira popanda chopondera. Abambo ake atabwera, ndisanayankhule, mwana anawakokera kunkhokwe n'kuwalozera.

"Adada, musagwire. N'cha mbozi."

Sharope uja nayenso ndinamuchotsa pawindo, ndinamutsekera m'sutikesi, kiyi n'kumumanga pamfundo ya chitenje changa.