Mkazi wa Kuzma Anapita ku Nkhondo

Achemwali anga a Serafima anayamba kuyendetsa thirakitala pa famu ya boma ya m'mudzi mwathu, kufupi ndi mzinda wa Vologda, asanakwatiwe n'komwe. Anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, wosakonda zolankhulalankhula. Olongolola anali amuna awo, alamu anga a Kuzma. Iwowa ankasamala mahatchi a pafamupo, ndipo ankatsimphina chifukwa ngolo inawaponda mwendo ali mwana.

Nkhondo ya Majeremani itabuka, alamu anavala malaya awo abwino n'kupita kukalembetsa usilikali. Dokotala anangoona mwendo uja n'kuwauza kuti abwerere ku mahatchi awo. Posakhalitsa kunabwera uthenga woti aliyense wodziwa chiwongolero akufunika. M'nyumba mwawo wodziwa chiwongolero anali mkazi.

"Ndiye ine ndizitsala n'kumaphika kabichi, iwe uli ku nkhondo?" anatero alamu pa siteshoni, maso ali psuu. "Anthu azindiyesa chiyani?"

"Azikuyesani a Kuzma," anayankha achemwali. "Nkhumba ija musamaiiwale."

Ku nkhondoko akuluakulu a asilikali anapatsa achemwali lole yaing'ono yonyamula ufa. Nthawi imeneyo mzinda wa Leningrad unali utazingidwa, anthu akufa ndi njala, ndipo njira inali imodzi yokha: kudutsa pamwamba pa nyanja ya Ladoga madzi ake ataundana. Popita ankanyamula matumba a ufa, pobwera ana ndi amayi owonda ngati nkhuni. Ankayendetsa chitseko chili chotsegula kuti ayezi akasweka athe kudumpha. Tulo tikawavuta, madalaivala ankapachika ketulo kumbuyo kwa mutu kuti iziwagogoda lole ikamagwedezeka.

Tsiku lina ndege ya adani inaponya bomba kutsogolo kwawo, ayezi n'kung'ambika. Lole inamira ndi ufa wake wonse, achemwali n'kutsala akuphiriphitha m'madzi. Dalaivala wa lole yam'mbuyo, mwamuna wina wamtali dzina lake Zakhar, anakwawa chafufumimba n'kuwakoka ndi lamba wake. Zala ziwiri za dzanja lamanzere la achemwali zinafa ndi chisanu ndipo anazidula. Atachira anawapatsa lole ina, nayamba kunyamula zipolopolo, mpaka nkhondo inatha.

Anabwera kumudzi mamendulo ali pachifuwa. Alamu analira ngati mwana, n'kupha nkhumba. Koma pa phwando lolandira asilikali, mkulu wa famu anakhazika achemwali kutsogolo, pakati pa amuna ochoka ku nkhondo, alamu n'kuwaloza ku benchi ya amayi. Kuyambira pamenepo ana a m'mudzi anasiya kuwatchula dzina lawo, n'kumangoti amuna a Serafima.

Chinawapweteka kwambiri chinali Zakhar. Mwezi wa Meyi uliwonse, pokumbukira kutha kwa nkhondo, ankatulukira ndi nsomba zouma ndi botolo la kachasu. Iye ndi achemwali ankakhala patebulo osalankhula zambiri. Wina akangoti "ketulo," onse awiri ankaseka mpaka misozi. Alamu ankayesa kuseka nawo, koma kuseka kwawo kunkabwera mochedwa.

"Mlamu," anandiuza tsiku lina titakumana pachitsime, "anthu awa akakhala pansi, ine ndimasanduka mpando m'nyumba mwanga momwe."

"Mwawaona akuchita chiyani choipa?"

"Si ndiye vuto lakelo! Akanamagwirana manja ndikanadziwa chochita. Koma amangokhala duu, limodzi. Ine ndikakhala chete ndi mkazi wanga, amandifunsa ngati m'mimba mukundipweteka."

Chaka china alamu anaganiza zophunzira okha kuyendetsa. Anakwera lole ya mkaka yomwe achemwali ankayendetsa pafamupo, eni ake akudya, n'kuiliza. Inathamanga nawo molunjika, kugwetsa mpanda, n'kukatitimira m'dziwe la abakha. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera. Achemwali anangovula nsapato, kulowa m'matopemo, n'kuitulutsa chobwerera m'mbuyo. Sanawakalipire ngakhale pang'ono. Alamu anandiuza kuti bola akanawamenya mbama.

Zaka zinapita, tonse imvi zinatituluka. Chaka china Meyi anadutsa Zakhar osaoneka. Kenako tinamva kuti mkazi wake anamwalira, ndipo iye ali gone ndi chifuwa, alibe womutungira ngakhale madzi.

"Ndikukamutenga," anatero achemwali.

"Kudzamuika kuti? M'nyumba mwanga muno?"

"Munthu ameneyu anandivuula m'madzi, a Kuzma. Popanda iye bwenzi muli ndi nyumba yopanda mkazi."

Anamubweretsa n'kumugoneka pafupi ndi mbaula. Koma achemwali masana onse ankakhala ali pamsewu ndi mkaka, choncho womudwazika anali alamu. Ankamumwetsa msuzi wa kabichi ndi supuni, kumutembenuza, kumumeta ndevu, uku akung'ung'udza.

"Tsegulani pakamwa, ngwazi ya dziko. Mabomba simunkawaopa, mukuopa kabichi?"

Masana ena ndinapita kukasiya buledi, ndipo ndinawapeza alamu ataika mbale pansi.

"A Zakhar, ndiuzeni zoona, poti nonse tikupita kumanda. Kunyanja kuja, inu ndi mkazi wanga munali chiyani?"

Zakhar anatsokomola kwa nthawi yaitali.

"Kunyanja kuja, achimwene, munthu ankangolota buledi. Koma nkhondo itatha ndinamufunsira. Ndinati tiye kwathu, kumudzi kwanu ukatani? Anandiyankha kuti kwawo kuli munthu wolongolola amene sangadye yekha. Zaka zonsezi ndakhala ndikubwera kudzaona kuti munthu ameneyo ali ndi chiyani chimene ine ndilibe."

"Ndiye mwachipeza?"

"Ayi ndithu. Mpaka lero."

Ine ndinkayesa kuti mtima wa alamu ukhala pansi. Koma ayi. Anandilondola mpaka pachipata, akutsimphina mofulumira.

"Wamva, mlamu? Anamufunsira! Ndipo mkulu wakoyo wakhala nazo mumtima zaka zonsezi osandiuza. Munthu amabisa chinthu chimene sakuchisamala?"

Zakhar anamwalira chisanu chisanayambe, ndipo tinamuika m'manda a m'mudzi mwathu. Bokosi anakhoma ndi alamu, ndipo analikhoma bwino. Achemwali anayendetsabe lole mpaka maso atayamba kuchita khungu. Pambuyo pake ankangokhala pakhonde n'kumamvetsera magalimoto odutsa, n'kumanena kuti iyi injini yake yatha, iyo dalaivala wake ndi wamantha. Anamwalira ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi awiri.

Tsiku lokumba manda, achinyamata anasankha malo oyandikana ndi a Zakhar, poti asilikali ayenera kugona pamodzi. Alamu anafika ndi ndodo yawo, n'kuima pamalopo.

"Sunthani uko. Apa musiyepo."

"Agogo, apa ndiye pabwino, palibe mizu."

"Ndati musiyepo! Apa ndi panga."

Anakumba chapatali pang'ono. Patapita zaka ziwiri alamu nawo anatsatira, ndipo tinawaika pomwe anafunapo, pakati pa awiriwo.