Khomo langa lachikasu pa kompyuta ya mkamwana

Sendezani mipando kuno, mawu anga safikanso patali.

Mwana wanga wachisamba atapita ku Joni, ine ndinachoka kumudzi ku Edingeni kudzakhala ndi mkamwana wanga pa Mzimba boma. Mkamwanayo amakonza makompyuta a anthu, ndipo yake inkakhala pathebulo pabalaza. Akaiyatsa, inkatsegula yokha zenera lakuda bii, timalemba tobiriwira tili ndondondo ngati linthumbu. Iye ankalemba momwemo, makina n'kumamumvera. Madzulo Lamulungu ankatiyitanira mwamuna wake, nkhope n'kuoneka pagalasi.

Tsono mkamwana anali woyembekezera, ndipo masiku opita kuchidikiro ku Embangweni anayandikira. Omudikirira anali amayi ake omubala. Kwathu mkazi sauza yekha mwamuna wake kuti wachira, imeneyo ndi ntchito ya ine mpongozi. Koma ndimuuza bwanji? Kafoni kanga ka mabatani ku Joni sikafika, kuwerenga sindidziwa, ndipo sindinafune kuti mwana wanga amve nkhani yotere kwa anthu a m'njira.

"Amama, ndikukonzerani khomo lanulanu," anatero mkamwana. "Mukayatsa muziona zithunzi ziwiri. China changa, china chanu."

"Chithunzi changa ayi. Ndizidzigogoda ndekha pamphumi? Ikapo ng'ombe."

Anaseka mpaka kugwira mimba, koma ng'ombe anaikapo. Mawu achinsinsi olowera anawachotsa. Ndiye anafuna kundikulitsira malemba.

"Kulitsa chomene, afike ngati maungu, sindiwawerengabe. Sintha mtundu. Chikhale chachikasu ngati chitenje changachi, ndizidziwa kuti ndili kwanga."

Analemba m'zenera lake lakuda lija, nazimitsa, nayatsanso. Nditakhudza ng'ombe, galasi lonse linachita chikasu, ndipo poyitanira mwana wanga panatseguka pokha. Kwa ine kunangotsala kudina batani limodzi lalikulu. Ndinamutulutsa kukakhala pakhonde, kuti ndiyese popanda wondiloza ndi chala. Ndinayesa mpaka dzanja linazolowera.

Mkamwana atapita kuchidikiro, amayi ake anandiyimbira pa kafoni kanga m'mawa wina ndikusesa: mwana wamkazi, onse ali bwino. Ndinasamba m'manja, ndinayatsa makina. M'kufulumira kwanga, mbwenu ndinakhudza chithunzi cha mkamwana. Makina anayamba kufuna mawu achinsinsi, chikasu osaoneka. Sindinadinenso kanthu. M'nyumba ya mwini sugwiragwira zinthu. Ndinazimitsa, ndinakhala pansi mpaka mtima unatsika, ndinayatsanso. Ng'ombe, chikasu, batani.

Mwana wanga anatulukira pagalasi atavala chisoti cha kuntchito, kumbuyo kwake kuli phokoso la njerwa.

"Amama? Mwayitana nokha? Kwagwanji?"

"Vula chisoticho, ukuyankhula ndi mayi ako. Kwathu kwabwera mlendo, wotunga madzi. Mkazi wako wachira bwino."

Anavula, nakhala pa njerwa zomwezo. Kenako anangoti, "Yewo, amama. Yewo chomene." Anali asanamve kwa wina aliyense.

Mwana wangayo anabwerako, pano amayendetsa lole ya matabwa ku Chikangawa. Mkamwana anatsegula kashopu kake pafupi ndi msika, ndipo akuti makasitomala okalamba amawakonzera makomo awoawo. Amayi ake anatisiya chaka chathachi. Mlendo uja ali kusukulu, amakana kudya nkhwani. Ine ndinabwerera ku Edingeni, maso achita nkhungu, koma mbuzi zanga ndimazidziwa zonse ndi kulira kwake.