Muzu umene aMakwinja anapita nawo kumanda

Loweruka lapitali ndinapsa ndi dzuwa ku Chigumula, kufunafuna mtengo umene sindikuudziwa dzina, tsamba ngakhale khungwa lake. Musaseke.

Anandikokera kumeneko ndi Tadala, mwana wa mnzanga malemu aMakwinja. Mtsikanayu amagwira ntchito mu labu pa sukulu ina ya ukachenjede. Amanyika zitsamba, madzi akewo n'kudonthezera pa maselo a khansa ya m'matumbo amene amawasunga m'timbale. Zambiri sizichita kanthu. Koma ufa wa muzu wina, umene bambo ake ankapatsa odwala m'mimba, akuti unafooketsa maselowo.

Nditamva ndinalumpha. "Basitu, mankhwala apezeka!"

"Ayi ankolo, musathamange," anatero. "M'mbale si m'thupi. Ngakhale sopo akhoza kupha maselo m'mbale. Ndiyenera kuyesa kambirimbiri, ndipo akuluakulu anga sangandimvere ngati sinditchula mtengo wake. Ufanso watsala wa pansonga ya supuni."

Apa ndiye pagona nkhani. AMakwinja anali telala ku Limbe, ndipo muzuwu anauphunzira kwa amayi awo amene anachokera ku Mozambique. Kokumba ankapita okha. Pobwera, muzu ausenda kale, ausinja kale. Ine ndinkangodziwa kuti ankatsika minibasi pa Chigumula n'kulowera kumtsinje.

Tinalowera konko. Abale inu, tchire kulibe! Nyumba za lendi zokhazokha, apa ndi apo timinda ta chimanga. Mayi wina amene ankachapa anatiuza kuti mitengo yomaliza inathera kuotchera njerwa.

Tinabwerera kwa amayi ake a Tadala. Iwo anangopukusa mutu. "Ndinawafunsapo bambo ako. Anati mankhwala ukaulula amasuluka."

Timati safunsa anadya phula. Nanga wofunsa n'kumanidwa, adye chiyani?

Timakonda kudandaula kuti ophunzira amanyoza zitsamba zathu. Lero ana athu omwe ndi amene avala makoti oyera, akufuna kusiyanitsa chochiza ndi chongowawa, ife ndiye tatseka pakamwa. Ena amaopa kuberedwa nzeru, ndipo mantha amenewo ndimawamvetsa. Koma kubisira mkazi wako? Mwana wobereka wekha?

Mwina muzuwo sukanachiza munthu ndi mmodzi yemwe. Mwinanso ukanathandiza wina amene lero wagona kuchipatala, mimba itatupa. Chondipweteka n'chakuti sitidzadziwa. AMakwinja ndinkawakonda, koma apa anatilakwira, ndipo ndikunena misozi ili m'maso.

Tinakwera minibasi mpaka pa Chichiri. Potsika Tadala anati, "Lolemba ndikayesa komaliza, ankolo. Ufawo ukakatha basi, ndikayamba mtengo wina."

Tsono inu amene mukudziwa muzu wanu, ndipo mwaubisa mumtima zaka zonsezi, mukusungira ndani? Mudzauza chiswe?