Mwana Amene Sankalira

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amayi aang'ono, a Roza, anabereka mwana amene sankalira. Tinkakhala m'kamudzi ka m'mbali mwa nyanja, kumwera kwa Kobwe: ine, agogo amene anandilera, a Roza ndi ana awo awiri. Makolo anga anali atakwera kumtunda, cha ku Maniamba, kukasinthanitsa usipa ndi chimanga, ndipo sanabwerenso. Amuna a amayi aang'onowo anali atawolokera ku Likoma kuthawa kugwidwa kuti akanyamule katundu wa anthu a mfuti.

Nkhondo inali itachotsa phokoso lonse m'mudzi mwathu. Atambala tinadya onse. Agalu anawatengera pakati pa nyanja, bwato n'kubwerako lopanda kanthu. Mtondo ankaukwirira theka mumchenga kuti kusinja kusamveke kuphiri. Ukafuna mnzako sunkamuitana, unkapita pomwe ali n'kumugwira paphewa. Dzuwa likapendeka anthu ankatseka zitseko n'kukwera kumiyala ya kuseri kwa mudzi, komwe tinkagona, chifukwa anthu a mfutiwo ankakonda kutsika m'phiri kusanache.

Chovuta chinali ana. Pa nkhani yogoneka ana, agogo ankadziwika mudzi wonse. Sanali munthu wa nyimbo kapena nthano. Anali mayi wamtali, wouma thupi, wa fodya wa pamphuno, ndipo ankati mwana wogona masana ndi belu la usiku. Choncho ntchito yanga inali yoonetsetsa kuti ana a Roza aja, Fina ndi mlongo wake wamng'ono Zuze, asagone dzuwa lili kumwamba. Ndinkawathamangitsa mumchenga, kuwasambitsa, ndipo akayamba kusinza ndinkawatuma kukatola zigoba za nkhono zimene palibe ankazifuna. Madzulo ankadya kondowole mpaka mimba kulimba, madzi pang'ono chabe, kenako kukodza, ulendo wa kumiyala.

Kumeneko kunali masewera amodzi okha. Agogo akagwira mwana pamutu n'kunong'ona kuti "mwala", mwanayo ankauma pomwepo mpaka tulo titamupeza. Ana a m'mudzi monse anaphunzira masewerawa. Nthawi zina masana ndinkawapeza kuseri kwa nyumba akusewera okha, atagona mumchenga maso ali yuu, ntchentche zikuyenda pamilomo pawo, wina osaphethira. Ine ndinali mwala woposa onse. Ndinkatha tsiku lathunthu osatulutsa liwu, ndipo agogo ankandiloza pouza amayi ena kuti mwana azikhala chonchi.

Khandalo linabadwa nyengo ya mwera, lili lalikazi. Mwambo wathu unali wakuti mayi ndi khanda amakhala m'chikuta, osatuluka m'nyumba mpaka mchombo utagwa. Agogo anati nkhondo yatilanda zambiri koma ichi ayi: Fina ndi Zuze azikwera kumiyala ndi anansi, ife titsale. A Manuwele, bambo wachikulire amene ankalondera njira ya kuphiri, anabwera kudzadandaula. Poti mwamuna salowa m'chikuta, analankhulira kunja kwa khoma, kuti khanda likalira m'mudzi wopanda anthu liitanira mfuti tonse.

"Inuyo munabadwa mutatseka pakamwa, a Manuwele?" anayankha agogo ali m'kati.

Komabe ndinaona kuti mawuwo awalowa. Usiku tinkakhala mumdima, moto titauphimba ndi phulusa, tikumvetsera chitseko cha nyumba ina chikumenyedwa ndi mphepo, tonse tikudikira kulira. Kulirako sikunabwere. Mwanayo analira kamodzi pobadwa, masiku oyamba n'kumayamwa pang'onopang'ono, kenako anangoyamba kugona. Ankagona usiku, ankagona masana, osatembenuka n'komwe.

M'mawa amayi akatsika kumiyala ankaima pakhomo n'kufunsa monong'ona ngati walira. Akamva kuti ayi, ankagwira pakamwa n'kumati ndi mwana wanzeru, wadziwa nthawi imene wabadwira. Sipanatenge nthawi, mawu ena anayamba kuyenda. Ankati khanda silingadziwe nkhondo lokha. Ameneyu ndi munthu amene anaiona kale. Ankati ndi Malita wabwerera. Malita anali amayi anga.

Poyamba agogo anawakalipira. Koma tsiku lina ndinawapeza atawerama pamphasa, akupinda khutu la mwanayo ndi chala, akudziuza okha kuti la Malita linali lopindika chomwecho. Kuyambira pamenepo ankalankhula naye motsitsa mawu, ngati mmene amalankhulira ndi mlendo wochokera kutali amene watopa.

Ine nkhope ya amayi inali itayamba kundithawa. Choncho ndinkakhala pambali pa khandalo maola ambiri, ndikufunafuna amayi anga pankhope yaing'onoyo. Ndinkawerenga mpweya wake ndi maso. Nthawi zochepa zimene ankatsegula zikope, maso ake anali achikasu ngati a mphaka, ndipo sankayang'ana aliyense wa ife, ankayang'ana kuseri kwathu. Amayi a pakhomo aja anati chimenecho ndi chizindikiro cha munthu amene waona kutsidya kwa manda. Ndinkaopa, koma sindinkatha kuchokapo.

Ntchito yanga ina inali yochapa nsalu za mwana, zidutswa za kapulana, chitenje chakale cha agogo. Zuze ali khanda ndinkaona mulu wa nsalu ukupita kunyanja m'mawa uliwonse. Za uyu zinkacheperachepera. Amayi aang'ono nawo ankabuula ndi mabere, atalimba ngati maungu, mkaka ukunyowetsa zovala. Ankati mwana akangogwira bere amagona. Agogo ankawauza kuti amusiye, tulo ndi mankhwala, mwana wogona sadzutsidwa, ndiponso tiziyamika kuti tapatsidwa wotere m'chaka chotere.

M'mawa wina utsi unaoneka kuseri kwa phiri, cha kumpoto. A Manuwele anadutsa nyumba ndi nyumba akugogoda khoma ndi chala chimodzi: lero moto ayi, mtondo ayi. Anthu anakwera kumiyala dzuwa lisanatenthe. Ine ndinasolola nsalu pansi pa mwana kuti ndikachape msanga. Inali youma, ngati mmene ndinaiikira dzulo lake. Ndinapita nayo kunyanja momwemo, poti inali ntchito yanga, ndipo ndinaiviika m'madzi. Kenako ndinangoima, madzi akundimenya m'mawondo, ndikuyang'ana nsalu yoyera imene inalibe chochapa.

Kulankhula kunali kovuta kwa ine kuposa kusenza mtsuko wodzaza. Ndinabwerera, n'kuima pafupi ndi agogo kwa nthawi yaitali, iwo akusenda chinangwa chachiwisi choti tidye.

"Agogo, mwanayu sakukodza."

Anandiyang'ana ngati mphika walankhula. Ndinawauza kuti nsalu zauma kuyambira dzulo, ndipo dzana inali yongonyowa pang'ono, ya mtundu wa dothi lofiira. Anaika mpeni pansi. Analowetsa chala m'kamwa mwa khandalo n'kuchitulutsa chouma. Anagwira paliwombo, panali patalowa, ngati kadzenje kotsala mumchenga ukachotsapo dzira. Anakweza kamkono kake n'kukasiya, kanagwa ngati chingwe.

"Uyu sakugona," anatero agogo. "Akupita."

Amayi aang'ono anadzikwawa n'kumulanda, akunong'ona kuti timudzutse, timudzutse pompano. Agogo anawagwira mkono n'kuloza kuphiri ndi chibwano. Mwana wodzutsidwa mokakamiza amalira, ndipo m'mudzi mmene munalibe tambala kapena galu, kulira kukanamveka mpaka pamene utsi unkafuka. Tinakhala chete tonse atatu. M'chete mmenemo munali phokoso limodzi lokha: mwera ukumenyetsa mafunde pathanthwe la kumapeto kwa gombe, pomwe asodzi sankamvana ngakhale atafuulirana m'khutu.

Koma mchombo unali usanagwe. Agogo anaima pakhomo nthawi yaitali, dzanja lili pachitseko. Kenako anatenga lichero, n'kuyalamo nsalu, n'kugonekamo mwana. Anatambasula dzanja, n'kusolola udzu wa padenga wodzaza m'manja, n'kuuyala pamwamba pake.

"Denga lake ndi ili," anatero. "Sanatuluke m'nyumba. Tiyeni."

Sindidzaiwala ulendo umenewo. Dzuwa linali pamutu, mudzi wonse zitseko zili zotseka, maukonde akugwedezeka okha pamitengo. Agogo patsogolo ndi lichero, a Roza akuyenda mowerama atagwira pamimba, ine pambuyo ndikufafaniza mapazi athu ndi nthambi monga tinkachitira. Pamtengo wa mkuyu tinakumana ndi a Manuwele. Anafunsa ngati agogo apenga, kutulutsa mwana wa mchombo tsiku ngati limeneli. Agogo anawafunsa ngati akufuna alirire pano kapena kumafunde. Bamboyo anasuzumira pansi pa udzu uja, anapatuka, n'kuvula chipewa.

"Valani chipewa chanucho," anatero agogo. "Sanafe."

Pathanthwepo panali mpata pakati pa miyala iwiri, pomwe dzuwa linkalowa koma mphepo ayi. Mafunde ankagunda mpaka ndinkawamva m'mano. Agogo anamuvula mwana zonse. Thupi lake linali lachikasu mpaka kumimba. Anamupukuta kumapazi ndi nsalu yonyowa ija, anamutikita kumsana, anamukhoma ndi chala pansi pa phazi. Palibe chimene chinachitika. Anandituma kukatola chigoba cha nkhono, chimodzi cha zija Fina ndi Zuze ankatola pachabe, ndipo anachitsuka bwino. A Roza anakamiramo mkaka, misozi ikugwa ndi ululu. Ine ndinagwira mutu, agogo n'kumadonthetsera pamlomo.

Madontho oyamba anatulukira pambali n'kutsikira m'khutu. Otsatira chimodzimodzi. Agogo sanasiye. Mthunzi wa mwala unasuntha kuchoka pamapazi anga kufika pamawondo. Kenako, pansi pa chala changa, kakhosi kanagwedezeka. Anameza. Anamezanso. Agogo anamukhomanso pansi pa phazi, mwamphamvu kuposa poyamba, ndipo nkhope ija, imene ndinkafunamo amayi anga, inakwinyika, inafiira, pakamwa n'kutseguka. Kulirako ndinakuona ndisanakumve. Nditasendeza khutu ndinamva kamawu kopyapyala, ngati ka mwana wa mbuzi ali kutali.

Dzanja langa linanyamuka lokha kukamutseka pakamwa. Sindinaganize, linangopita, monga linkapitira kwa Zuze usiku uliwonse. Agogo analigwira m'malere, zala zawo zolimba ngati chitsulo.

"Lero mwala ayi," anatero pafupi ndi khutu langa. "Musiye alire."

Tinakhala pathanthwe lomwelo. Agogo, amene ankati mwana wogona sadzutsidwa, anayamba kumudzutsa pafupipafupi, usana ndi usiku, kumuvula, kumutikita, kumuika kubere, akalephera chigoba chija. M'mawa ankamuothetsa dzuwa kanthawi. Tsiku lotsatira ndili naye pamiyendo ndinamva kutentha kukuyenderera pantchafu panga. Ndinakweza nsalu yonyowayo kuti onse aione, ndipo amayi aang'ono anaseka, kuseka koyamba kumene ndinamva chaka chimenecho.

Anthu a mfuti sanatsike ulendo umenewo. Anadzabwera nyengo ina, ife n'kuwolokera ku Likoma, mwana uja akulira m'bwato njira yonse. Mchombo wake unagwera pathanthwe, chikasu chinatha pang'onopang'ono, ndipo a Roza anamutcha Luwiza. Palibe anatchulanso za Malita, kupatula agogo, tsiku limene tinkabwerera kunyumba kuchokera kuthanthwe lija. Anali akuyenda patsogolo panga ndi lichero, osatembenuka. Anati amayi anga sanali achete n'komwe; ankaseka mpaka asodzi kudandaula kuti akuwathawitsira nsomba. Anati iwo ankangofuna kuti khandalo likhale Malita wawo. Tinayenda pang'ono, kenako anawonjezera, akuyang'anabe kutsogolo, kuti inenso anandiumitsa kwambiri ndi masewera a mwala aja.

Lero Luwiza amagulitsa nsomba pamsika wa ku Metangula, ndipo mawu ake umawamva usanatsike galimoto. Ine ndalera ana anga m'nthawi ya mtendere. Ndikuzindikira tsopano kuti agogo sanali osadziwa. Anali atalera makanda ambiri, ndipo m'chaka china chilichonse akanaona msanga. Koma mantha anali atatiphunzitsa kuyamika chete, mpaka mudzi wonse unaima pakhomo kutamanda chinthu chimene chinkamupha mwana. Mpaka pano ndikalowa m'nyumba ya khanda n'kumva akulitama kuti silivutitsa, limangogona, ndimapisa dzanja pansi pake kuti ndimve ngati panyowa. Ndipo mdzukulu wanga akalira, dzanja lomwelo limanyamukabe lokha kulunjika pakamwa pake. Ndimaligwira ndi linzake, n'kumusiya alire.